Ndani Amalamula Kukula kwa Kachizindikiro pa Sikirini?

Phiri la Michesi likalowa m'kompyuta limasanduka mizere ndi manambala. Mitsinje yotsikira ku chigwa cha Phalombe imakhala mizere yokhotakhota, mpata wa Fort Lister umene umalilekanitsa ndi phiri la Mulanje umaonekera pamene mizere ya kutalika kwa mtunda yatalikirana, ndipo sukulu, zipatala, mijigo ndi milatho zimakhala tizizindikiro ting'onoting'ono. Mapu otere si okongoletsera khoma la ofesi. Anthu a m'munsi mwa Michesi anaona napolo wa mu Malichi 1991 amene anakokolola miyala, matope ndi mitengo n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso maliro m'boma lomweli. Munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba malo angozi ndi malo othawirako amaswera maso ali pa sikirini, akudina timabatani ndi kuwerenga tizizindikiro. Kachizindikiro ka sukulu kakaphimba mtsinje, kapena batani losungira ntchito likachepa mpaka kusiyana kwake ndi lofufutira kusaoneka, amene amalipira ndi iye pamodzi ndi anthu amene mapuwo akuwanena.

Pulogalamu imene ojambula mapu ambiri m'Malawi muno amaidziwa ndi QGIS, popeza ndi yaulere ndipo imatsegula mosavuta zimene munthu watenga pa OpenStreetMap kapena pa MASDAP, nkhokwe ya mapu a dziko lino pa intaneti. Anaiyambitsa ndi Gary Sherman mu 2002, ndipo inamangidwa ndi zida zomangira mapulogalamu zotchedwa Qt. Tizizindikiro tambiri ta pa mabatani ake ndi mafayilo a SVG, pomwe maonekedwe ake ena, monga aja akuda otchedwa Night Mapping, amachokera m'fayilo ya stylesheet. Choncho funso limene limasautsa aliyense womanga mapulogalamu a pa kompyuta, kaya ali ku Oslo kaya ku Migowi, lili momwemo lonse lathunthu: chithunzi chimene amati chingathe kukula kapena kuchepa mmene munthu wafunira, nanga kukula kwake kwenikweni pa sikirini amalamula ndani?

Zithunzi za m'kompyuta zili za mitundu iwiri. Chimene mwajambula ndi foni ndi gulu la timadontho totchedwa mapikiselo, kalikonse ndi mtundu wake, ndipo chiwerengero chake chinakhazikika pa nthawi imene munajambula. Mukachikulitsa, kompyuta ilibe kwina kotenga timadontho tatsopano. Imangotambasula tomwe tilipo, chithunzi n'kuchita chimbuuzi. Chithunzi cha vekita sichisunga timadontho. Chimasunga malangizo. Mbendera ya Malawi mu SVG, mtundu wa fayilo ya zithunzi za vekita, ndi mawu ochepa chabe: jambula mizere itatu yofanana kukula, wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, pa wakudawo ika theka la dzuwa lofiira, ulizungulize ndi malawi 31. Kompyuta imawerenga malangizowa n'kujambula mbenderayo mwatsopano nthawi iliyonse imene yafunika, kaya pa kabatani kochepa ngati chikhadabo kaya pa nsalu yophimba khoma lonse la holo. Mizere yokhota imajambulidwa ndi masamu amene Paul de Casteljau wa ku kampani ya Citroën ndi Pierre Bézier wa ku Renault anagwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a galimoto ku France zaka zoposa 60 zapitazo.

Mbiri ya zida zake ndi yaifupi. Bungwe la W3C linavomereza CSS, stylesheet ya masamba a pa intaneti, mu Disembala 1996 ndi SVG mu Seputembala 2001. Qt, imene Haavard Nord ndi Eirik Chambe-Eng a ku Norway anaitulutsa koyamba mu 1995, inayamba kuwerenga SVG mu Qt 4.1 chakumapeto kwa 2005, ndipo chaka chotsatira Qt 4.2 inabwera ndi stylesheet yakeyake, imene ambiri amaitcha QSS. Cholinga cha stylesheet n'chakuti maonekedwe onse a pulogalamu, mitundu, malire a mabatani, kukula kwa zilembo, alembedwe malo amodzi, kuti wofuna kusintha asamasanthule pulogalamu yonse.

Mawu akuti chithunzi cha vekita chimakula mmene mungafunire ndi oona, koma amabisa chinthu chachikulu. Chithunzi chimene chingathe kukhala ndi muyeso uliwonse chilibe muyeso wakewake. Wina ayenera kuchipatsa. Ndipo pa kompyuta opereka muyesowo ali atatu: fayilo ya SVG imanena zake, stylesheet imanena zake, ndiye Windows kapena Linux imabweranso ndi zake malingana ndi sikirini imene yapeza. Zimafanana ndi munda umene malire ake analoza agogo, kenaka amfumu, kenakanso anthu oyeza malo a boma. Aliyense ananena zoona pa nthawi yake, koma wolima akapanda kudziwa kuti mawu a ndani ndiwo akugwira ntchito lero, khasu lake lilowa m'munda mwa mnansi. Zovuta zambiri za tizizindikiro tochepetsetsa, todukadukira kapena tophwatalala zimachokera pa kusadziwa kuti mwa atatuwa walankhula komaliza ndani.

Tiyambe ndi fayilo. Pamwamba pa fayilo iliyonse ya SVG pangakhale zinthu zitatu: width, height ndi viewBox. Ziwiri zoyambazo zimanena kukula kumene chithunzi chimafuna chitakhala nako ngati palibe wina wachilamula. Chachitatucho n'chosiyana kwambiri, ndipo ndicho mtima wa nkhani yonseyi. ViewBox ndi manambala anayi amene amanena bwalo limene wojambula anajambuliramo. Mbendera yathu, imene mulifupi ndi mulitali mwake zili 2 kwa 3, ingakhale ndi viewBox ya 0 0 900 600. Manambalawa si mapikiselo kapena mamilimita. Ndi miyeso ya m'kati mwa chithunzi momwemo. Stylesheet ikalamula kuti mbenderayo ikhale mapikiselo 90 mulitali, kompyuta imadziwa kuti miyeso 10 ya m'kati ikwane pa pikiselo imodzi, ndipo zonse zimachepa limodzi, dzuwa ndi malawi ake omwe. Koma fayilo ikakhala ndi width ndi height zokha popanda viewBox, n'kuikidwa mwachindunji m'tsamba lowerengedwa ndi burawuza, stylesheet imachepetsa zenera lokha, chojambula cha m'kati osachepa. Munthu amaona kangodya kakuda ka mbendera n'kumadabwa kuti dzuwa lalowera kuti. Fayilo ikasowa zonse zitatu, burawuza imangoipatsa mapikiselo 300 mulitali ndi 150 mulifupi, muyeso umene ulibe chochita ndi chithunzicho.

Palinso lamulo lina m'fayilo momwemo, preserveAspectRatio, limene limanena zoyenera kuchita ngati malo operekedwa sakufanana maumbidwe ndi chithunzi. Mukapanda kulemba kanthu, chithunzi chimakhala pakati, chonse chikuoneka, mipata n'kutsala m'mbali. Mukalemba none, chimatambasuka kudzaza malo onse ngakhale chipunduke. Pa mzere wokongoletsera zimenezo zilibe kanthu. Pa mbendera ya dziko, imene ili ndi lamulo loiteteza, kapena pa muvi woloza kumpoto pa mapu, n'kulakwa.

Anthu ambiri kuno amajambula SVG ndi Inkscape, yomwenso ndi yaulere, ndipo ili ndi kambiri kake koyenera kukadziwa. Kale Inkscape inkawerengera mapikiselo 90 pa inchi imodzi. Kuyambira pa Inkscape 0.92 ya mu 2017 inasintha n'kutsata CSS, imene imawerengera 96. Chojambula chakale chikatsegulidwa m'pulogalamu yatsopano popanda kuchikonza, chimatha kuchepa ndi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse. Pa batani kusiyana kumeneko n'kovuta kukuona, koma pa chikwangwani kapena mapu osindikiza amene ayenera kukwana pa pepala la muyeso wodziwika kumaonekera.

Tsopano stylesheet. Msampha woyamba umakola anthu amene anaphunzira kupanga masamba a pa intaneti, ndipo achinyamata athu ambiri, a ku MUST ku Thyolo, a ku MUBAS ku Blantyre ndi odziphunzitsa okha pa foni, amayambira kumeneko. QSS imaoneka ngati CSS m'kalembedwe, koma si CSS. Ndi mbali yochepa chabe, yosankhidwa kuti igwirizane ndi mabatani a Qt. Lamulo la background-size, limene pa intaneti limakulitsa chithunzi cha kumbuyo, mu QSS mulibe. Munthu amalilemba, pulogalamu imayenda bwinobwino, chithunzi osasintha, iye n'kuyamba kukayikira fayilo yosalakwa.

Qt ili ndi njira zitatu zoikira chithunzi kudzera mu stylesheet, ndipo iliyonse imachita zake. Background-image imatenga SVG, kuijambula pa muyeso umene fayilo yanena, n'kuiika momwemo. Malo akakula imaibwereza, akachepa imaidula. Border-image imatambasula chithunzi kudzaza batani lonse, ndipo n'chifukwa chake ambiri amathamangira kwa iyo akaona kuti yoyamba ija yakana. Koma ili ndi mavuto awiri. Siisamala maumbidwe, moti mbendera ikaikidwa pa batani lofanana mbali zonse dzuwa limasanduka dzira. Chachiwiri, imayamba yasandutsa SVG kukhala mapikiselo pa muyeso wa m'fayilo, kenaka n'kutambasula mapikiselowo, choncho ubwino wonse wa vekita umatayika ndipo chithunzi chimachita chimbuuzi ngati cha pa foni. Ntchito yeniyeni ya border-image ndi kupanga mafelemu a mabatani, pogawa chithunzi zigawo 9 kuti ngodya zisapunduke pamene pakati pakutambasuka. Kuigwiritsa ntchito pa kachizindikiro n'kuipatsa ntchito ya mwini wake.

Njira yachitatu, image, ndiyo imalemekeza vekita. Inapangidwira tizigawo ta m'kati mwa mabatani, monga kamuvi koloza pansi pa QComboBox kapena kabokosi kochongamo pa QCheckBox. Chithunzi cha mapikiselo imachichepetsa kukafunika koma siichikulitsa; SVG imaijambula mwatsopano pa malo amene yapatsidwa. Apa pali mfundo imene mabuku a Qt amaitchula koma anthu amaidumpha: chithunzi cha mapikiselo chimapatsa kachigawoko muyeso wake chokha, pomwe SVG siitero. Mukaika SVG muyenera kulembanso width ndi height mu stylesheet momwemo. Qt ikunena poyera kuti vekita ilibe muyeso, muipatse ndinu. Tizizindikiro ta pa mabatani akuluakulu timalamulidwa ndi icon-size, kapena ndi qproperty-iconSize, koma yachiwiriyi imawerengedwa kamodzi kokha pamene batani likukonzedwa, choncho siingasinthe kukula mbewa ikafika pa batanipo.

Pa miyeso, QSS imadziwa px, pt, em ndi ex. Maganizo anga ndi akuti em siipatsidwa ulemu woyenera. Imayeza zinthu potengera zilembo zimene zikugwiritsidwa ntchito, moti mphunzitsi wamkulu amene maso ayamba kufooka akakulitsa zilembo pa kompyuta yake, tizizindikiro tolembedwa mu em timakula nazo. Tolembedwa mu px timatsala momwemo, tating'ono pambali pa mawu akuluakulu. Womanga pulogalamu ali ndi zaka 24 ndi maso akuthwa. Amene adzaigwiritse ntchito ku ofesi ya zaulimi kapena ku sukulu kawirikawiri ndi makolo ake.

Wachitatu wolankhula ndi kompyuta yeniyeniyo, ndipo apa manambala amathandiza. Windows inazolowera kuganiza kuti sikirini ili ndi mapikiselo 96 pa inchi. Pa muyeso umenewo kachizindikiro ka mapikiselo 16 kamakhala mamilimita 4 ndi pang'ono. Malaputopu ena a kaunjika amene amagulitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre ali ndi sikirini ya mainchi 15.6 ya mapikiselo 1366 kwa 768, imene ili pafupi ndi 100 pa inchi, choncho kachizindikiroko kamaoneka mmene anakakonzera. Sikirini yofanana kukula koma ya 1920 kwa 1080 ili ndi mapikiselo pafupifupi 141 pa inchi, ndipo kachizindikiro komweko kamatsika kufika pa mamilimita osakwana 3. Pa ya 3840 kwa 2160 kamakhala pafupifupi milimita imodzi ndi theka, kosatheka kukaona bwino. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Windows imachulukitsa chilichonse ndi 125, 150 kapena 200 pa 100. Ndiye kuti px imene mwalemba mu stylesheet si pikiselo yeniyeni ya pa galasi. Mwalemba 16, kompyuta ina ijambula 16, ina 20, ina 24, ina 32.

Apa m'pamene SVG imapambanadi. Kale wopanga pulogalamu ankasunga kachizindikiro kalikonse kangapo, kakang'ono, kapakati ndi kakakulu, ndipo pulogalamu inkalemera. Fayilo imodzi ya SVG imakwanira pa miyeso yonseyo, zimene zili ndi phindu kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake. Koma apanso m'pamene malire ake amaonekera. Mzere wokhuthala pikiselo imodzi, ukachulukitsidwa ndi 125 pa 100, umafuna pikiselo imodzi ndi kota. Galasi lilibe kota ya pikiselo. Kompyuta imapaka pikiselo yoyandikana nayo mtundu wotuwa kuti diso linyengeke, ndipo mzere umene unali wakuthwa umaoneka wofwifwa. Qt 5 inkapewa zimenezi pozungulitsa manambala: 125 inkabwerera pa 100, 150 inkakwera kufika 200. Zotsatira zake zinali mabatani ochepetsa pa kompyuta ina ndi okulitsitsa pa ina, mpaka zenera kusefukira kunja kwa sikirini. Qt 6, imene inatuluka mu Disembala 2020, imatenga nambala mmene ilili. Muyeso umakhala wolondola, koma kufwifwa kuja kumabwera. Palibe njira yopanda mtengo wake. Chofunika n'kudziwa kuti mwasankha iti.

Mbendera ija imaphunzitsanso chinthu china. Ichepetseni kufika mapikiselo 24 kwa 16. Mzere wakuda watsala ndi mapikiselo 5 ndi pang'ono chabe kuchoka pamwamba kufika pansi, ndipo m'menemo muyenera kukwana theka la dzuwa ndi malawi 31. Masamu ake ndi olondola, kompyuta yajambula malawi onse osasiyako limodzi, koma diso likuona kabanga kofiirira basi. Vekita imachepetsa mizere, siichepetsa tsatanetsatane. N'chifukwa chake ojambula tizizindikiro ta GNOME ya pa Linux amajambula tating'ono pa bwalo la 16 kwa 16, mzere uliwonse utagwera pa pikiselo yathunthu, n'kujambula padera tokongola ta miyeso ikuluikulu. Chizindikiro cha sukulu ya sekondale ya Michesi, cha khonsolo ya Phalombe kapena cha kalabu ya alimi, chimene chimakoma pa chikwangwani ndi mawu ake ozungulira m'mphepete, chimafunika kujambulidwanso mophweka chisanaikidwe pa batani. Ntchito imeneyo stylesheet siingagwire. Ndi ya munthu wodziwa kusankha chofunika n'kusiya chotsala.

Pali mavuto ena awiri amene amakhudza kwambiri madera ngati athu. Loyamba ndi lakuti Qt siiwerenga SVG yonse. Inamangidwa potsata SVG Tiny 1.2, mtundu wopepuka umene unakonzedwera mafoni, ndipo ngakhale Qt 6.7 inawonjezerako zina, chojambula chodzaza ndi mithunzi ndi zokometsera za mu Inkscape chingaoneke bwino mu Firefox koma n'kutuluka choperewera mu pulogalamu. Mawu olembedwa m'kati mwa SVG nawonso amadalira zilembo zimene zili pa kompyuta yowerengayo. Ngati zilembozo palibe, kompyuta imabwereka zina, mawu n'kusefukira, ndipo chilembo ngati ŵ chingatuluke chosiyana ndi zinzake. Mankhwala ake n'kusandutsa mawuwo mizere fayilo isanasungidwe. Vuto lachiwiri ndi lakuti mbali ya Qt yowerenga SVG imakhala m'timafayilo tapadera, qsvg ndi qsvgicon. Pa kompyuta ya womanga timakhalapo kale. Pulogalamu ikakopedwa pa fulashi popanda timeneti n'kupita nayo ku Chiringa kapena ku Nambazo, imatseguka koma mabatani onse ali mbee, opanda chizindikiro n'chimodzi chomwe, ndipo siinena chifukwa chake. Munthu wa m'tauni amangotsitsa chosowacho pa intaneti. Wa kumudzi amadikira ulendo wina wa amene anabweretsa. Chida cha windeployqt chimathandiza kusonkhanitsa timafayiloti, koma chitsimikizo chenicheni n'kuyesa pulogalamu pa kompyuta imene sinaikidwepo Qt.

Zida zina zili ndi makhalidwe awo. GTK, imene inayamba kugwiritsa ntchito CSS mu GTK 3 ya mu 2011, imatha kusintha mtundu wa tizizindikiro ta mtundu umodzi potsata mtundu wa mawu, moti maonekedwe akuda akasankhidwa tizizindikiro timayera tokha. QSS siilowa m'kati mwa SVG. Wofuna kachizindikiro koyera ndi kakuda amasunga mafayilo awiri kapena kulemba malangizo m'pulogalamu. Electron, imene Visual Studio Code inamangidwa nayo, imanyamula burawuza ya Chromium yonse, ndipo imapatsa womanga CSS yathunthu ndi SVG yathunthu. Kwa wophunzira zimakoma, popeza zimene anazolowera pa intaneti zimagwira ntchito. Koma mtengo wake ndi memole ndi batire. Pa laputopu yakale ya magigabaiti 4, m'dera limene magetsi amathima, ine ndingasankhe Qt ndi zovuta zake, pokhapokha pulogalamuyo ikhale yoti idzayendanso pa intaneti.

Tibwerere ku mapu, chifukwa kumeneko funso la muyeso limasiya kukhala la kukongola. Mu QGIS kukula kwa tizizindikiro ta pa mabatani kumasankhidwa m'makonzedwe, kuyambira pa mapikiselo 16 kufika 64. Koma tizizindikiro ta pa mapu penipeni tili ndi malamulo ena, ndipo wojambula amafunsidwa kuti tiyezedwe ndi chiyani: mamilimita a pa pepala, mapikiselo a pa sikirini, kapena miyeso ya pansi pa nthaka. Kusankha kumeneku kumasintha tanthauzo la mapu.

Kachizindikiro koyezedwa m'mamilimita kamakhala kofanana kukula ngakhale muyandikire kapena mutalikire. Pa mapu a 1:50,000, ngati aja a dipatimenti yoyeza malo ya boma, milimita imodzi imaimira mamita 50, choncho kachizindikiro ka sukulu ka mamilimita 5 kakuphimba mamita 250 a nthaka. Pa mapu a boma lonse a 1:250,000 kakuphimba mamita 1,250, kilomita yathunthu ndi kota. M'munsi mwa phiri, momwe nyumba, minda ndi makwawa zimathithikana, mamita 250 ndi mtunda wokwana kusiyanitsa sukulu imene ili pa chitunda ndi imene ili m'mphepete mwa khwawa. Wowerenga mapu amene sanauzidwe amaona kachizindikiro katakhudza mtsinje n'kuganiza kuti sukulu ili m'madzi, kapena amaona mtsinje utabisika pansi pa kachizindikiro n'kuganiza kuti palibe choopsa. Kachizindikiro koyezedwa ndi miyeso ya pansi kamachita mosiyana: kamakula mukayandikira, kamachepa mukatalikira, mpaka kuzimirira pa mapu a boma lonse.

Lamulo limene ndimaliona lanzeru ndi ili. Chimene chikungonena kuti pano pali chakuti, mjigo, tchalitchi, chipatala cha Holy Family, chiyezedwe m'mamilimita, chikhale chaching'ono mmene diso lingalolere, ndipo pakati pake pagwere pa malo enieni. Chimene chikunena kukula kwa chinthu pansi, monga njira imene matope anadutsa kapena dera limene madzi amafika, chisasiyidwe kwa makulidwe a mzere ayi. Chijambulidwe ngati dera lokhala ndi malire ake, kuti mamita ake akhale mamita enieni pa mapu a muyeso uliwonse. Mzere wabuluu wa milimita imodzi pa mapu a 1:50,000 ukuoneka ngati mtsinje wa mamita 50, pomwe mwina ndi kakhwawa kodumphika m'chilimwe kamene m'dzinja la napolo kamatambalala kuposa pamenepo. Makulidwe a mzerewo anasankha ndi wojambula, osati mtsinje. Ndipo mapu akasindikizidwa kuti akapachikidwe ku bwalo la amfumu, ayenera kuonedwanso ali pa pepala, popeza chimene chinali chowerengeka pa sikirini yowala chingakhale chosaoneka kwa munthu woima mamita awiri kuchokera pa khoma.

Malawi ali ndi phunziro lakelake pa nkhani ya kukula kwa mabatani. Kuyambira mu 2001, ntchito imene Gerry Douglas anayambitsa pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, imene inadzakhala Baobab Health Trust, inaika makompyuta odina ndi chala m'malo olembetsera odwala. Ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo mbewa ya kompyuta, ndipo mzere wa odwala sunkadikira. Omanga anasankha mabatani akuluakulu ndi funso limodzi pa sikirini iliyonse. Muyeso sunachokere m'fayilo kapena m'zokonda za wojambula. Unachokera pa chala cha kalaliki ndi namwino. Patapita zaka, malangizo a W3C a WCAG 2.1 a mu 2018 anatchula mapikiselo 44 kwa 44 ngati muyeso wabwino wa malo odinapo, ndipo WCAG 2.2 ya mu 2023 inaika 24 kwa 24 ngati wochepetsetsa. Kachizindikiro kangakhale kakang'ono, koma malo odinapo ozungulira ayenera kukwana dzanja, ndipo mu stylesheet zimenezi ndi padding, min-width ndi min-height, osati kukulitsa chithunzi.

Mlandu wa atatu aja ndingaugamule motere. Fayilo ya SVG inene maumbidwe okha: ikhale ndi viewBox nthawi zonse, yojambulidwa pa bwalo la manambala athunthu monga 16 kapena 24, yopanda zokometsera zimene Qt siiwerenga. Stylesheet inene kukula, malo amodzi, ndipo pamene kukula kukuyenderana ndi mawu igwiritse ntchito em. Kompyuta iloledwe kuchulukitsa mmene mwini wake wasankhira, pulogalamu isalimbane nayo. Mmodzi mwa atatuwa akalanda ntchito ya mnzake, vuto limabisala pa kompyuta ya womanga n'kukaonekera pa ya wogwiritsa ntchito, amene alibe woti amufunse.

Inu amene mukumanga pulogalamu yoti ikagwire ntchito ku sukulu, ku chipatala kapena ku ofesi ya khonsolo ku Phalombe, musaipereke musanaitsegule pa laputopu ya 1366 kwa 768, pa ina yoikidwa pa 125 ndi ina pa 150, ndiponso pa kompyuta yopanda intaneti imene sinaonepo Qt. Mukatero, itanani munthu wamkulu amene adzaigwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, akhale pa mpando wake ndi magalasi ake, akuuzeni dzina la batani lililonse asanalidine.